Anandibera Tchimo Langa

1.

Khalani pansi, sindinathe.

Anali asanayambe n'komwe. Ndinali nditangotsika lole ya fodya pa Kamphata, dzuwa lili paliwombo, ndikufuna minibasi ya ku Dedza. Pansi pa mthethe panali mayi atakhala pa mwala, thumba la chimanga pambali, atafulatira msewu. Munthu wodikira galimoto safulatira msewu. Nditaika chikwama pansi, mayiyo anaponda lamba wake. Osati mwangozi. Anandiyang'ana m'maso n'kupondetsa.

Mayi, chikwama.

Chikwama sichithawa. Wankhope yothawa ndinu, madala. Magetsi azima, chigayo chaima, ine ndili ndi nkhani. Khalani.

Nkhani za anthu ndazitola m'madepoti, m'mizere ya kuchipatala, pa maliro a anthu osawadziwa. Zonsezo ndimachita kupempha. Iyi yokha ndiyo inandigwira pa lamba.

2.

Mayi uja:

Ine ndine Nachisale. Amuna anga ndi a Lefani, kalipentala. Mabenchi onse a m'tchalitchi mwathu anakhoma ndi iwo, kuyambira la akulu a mpingo kutsogolo mpaka la pafupi ndi chitseko, pokhala anthu odulidwa, oimitsidwa kudya mgonero. Limenelo analipala kuposa onse. Ankati ochimwa nawonso ali ndi matako.

Munthu ameneyo sanalawepo mowa chibadwire. Thobwa likagona masiku awiri amalikana.

Anakhala pa benchi limenelo chaka chathunthu. Mlandu wake, kuledzera.

Woledzerayo ndinali ine.

Mukundiyang'ana chiyani? Simunaonepo chidakwa chovala duku?

3.

Zinayamba ndi dzino. La kumanzere, la m'kati. Tsaya linatupa ngati ndabisamo mango. Nasoko, mayi wotcheza kachasu, anati viikani kathonje mu aka, muike pa dzinopo, muona.

Ndinaona.

Patapita sabata dzino analizula kuchipatala. Kathonje ndinataya. Kabotolo sindinataye.

Zaka zisanu ndi chimodzi.

4.

Komwe ndinkabisa:

m'nkhokwe
m'chidebe cha madeya
m'udzu wa mpanda wa bafa
m'poto wobooka amene ndinkakana kutaya
m'kachikwama ka Baibulo, Mulungu andikhululukire
m'thumba la utuchi, m'shedi mwa a Lefani, poti wotapamo zoyatsira moto ndinali ine ndekha

Zomwe ndinkatafuna:

masamba a gwafa
mtedza wauwisi
adyo
makoko a ndimu
nyimbo za Mulungu, mokweza kuposa onse

5.

Khosi limalankhula, madala. Musaseke. Silikalipa ayi. Lili ndi ulemu ngati mkamwini watsopano.

Limati, Nachisale, watopa iwe. Wachapa, wasinja, watunga. Ndani wakuthokoza? Kachivindikiro kamodzi basi, konyowetsera lilime. Usiya mawa. Mawa ndi tsiku labwino losiyira. Ndikuthandiza ine ndemwe kusiyako.

6.

Loweruka lina a Kamtedza, mkulu wa mpingo, anafika kudzayendera banja la a Lefani monga achitira mgonero ukayandikira. Anawapeza m'shedi. Mipando yonse inali yosauma vanishi, ndiye a Kamtedza, munthu wathupi, anakhalira thumba la utuchi.

Thumba linalira. Ngwee!

Anapisamo dzanja. Kamodzi. Kawiri. Timabotolo tisanu ndi tiwiri, tiwiri tili ndi kanthu. Ananunkhiza n'kubweza mutu.

A Lefani, izi n'chiyani?

Nachisale anali pakhomo la shedi, kapu ya madzi a mlendo ili m'manja. Anatsegula pakamwa. Akulumbira mpaka lero kuti anatsegula.

Ndi anga, anatero a Lefani, osasiya kupala thabwa.

7.

Ndi anga!

Anga a ndani? Munagula ndinu? Munabisa ndinu? Munasanzapo kuseri kwa khola ndinu, n'kukwirira ndi phazi nkhumba zikuonerera?

A Kamtedza atangotuluka pa mpanda ndinawafunsa. Bambo a Fane, mwanamiranji?

Inu muli ndi yunifomu ya chigwirizano, mayi a Fane. Ine ndili ndi ovololo. Ovololo savula munthu.

Ndiye mumadziwa?

Kuyambira chaka cha dzino.

Osanena?

Ndimadikira munene nokha.

Ndiye lero ndatsegula pakamwa, mwandidikira?

Anapitiriza kupala. Shwee, shwee. Ndinawagenda ndi kapu ija. Anaitola, anaipukuta utuchi, anaiika pa thabwa. Mumamudziwa munthu wokwiyitsa chonchi, madala? Woti ukamugenda amakutolera chogendera?

8.

Minibasi inaima. Dedza, Dedza! Madala, tiyeni, malo alipo kutsogolo!

Ndinanyamuka theka.

Khalani pansi, sindinathe.

Mayi, ulendo wanga ndi wautali.

Mukathamangira ndani? Nsapato zanuzo zikuoneka kuti palibe akukudikirani.

Sananame. Ndinakhala. Minibasi inapita. Kutsidya kwa msewu, kuseri kwa mpanda wa udzu, utsi woonda unkakwera. Mayi uja sanacheuke. Thukuta linali pamphuno, zala zikupota nsonga ya chitenje, kupota, kumasula, kupota.

9.

Nachisale:

Maina amene anandipatsa chaka chimenecho:

mayi wopirira
chitsanzo chathu
mzati wa banja
golide woyengedwa pamoto

Lachinayi lina mayi Gwaza, wapampando wa chigwirizano cha amayi, anabwera ndi gulu lonse, malaya oyera mbee, kudzapempherera chidakwa. Anawagwaditsa a Lefani pabwalo, ana a m'mudzi akusuzumira. Manja khumi pa dazi lawo. Tuluka, chiwanda cha mowa! Tuluka!

Iwo anagwada. Anatseka maso. Ananena ameni.

Chiwandacho chinali chitaima kumbuyo kwa mayi Gwaza, chikuimba alito, tsamba la gwafa lili m'tsaya.

Pochoka anandikumbatira mmodzimmodzi. Limbani mtima, mayi. Wina anandinong'oneza kuti, ngakhale zovala zanu zayamba kumveka fungo lake, pepani.

10.

Munthu akakubera nkhuku, pali kokadandaula. Akakubera tchimo ukadandaula kuti?

Ndinkagwada. Ambuye, ndikhululukireni. Ndipo kumakhala ngati akundifunsa kuti, chiti? Chimenecho chili kale ndi mwini wake, uyo wakhala pachitseko uyo. Ulapa bwanji chinthu cholembedwa dzina la wina? Uvula bwanji malaya amene wavala ndi mnzako?

Kalipentala wofera anthu alipo kale, madala. Mmodzi. Wachiwiri sitinamupemphe.

Ndipo musaganize kuti chifundo chawocho chinandisiyitsa. Ndinamwa kuposa kale. Fungo lililonse la m'nyumba mwathu linali litapeza mwini. Khosi linkati, waona? Zalipiridwa kale izi. Imwa.

Ndi anga. Ndi anga. Mawuwo ankandiyabwa ngati chitedze.

11.

Kwathu mgonero umabwera miyezi itatu iliyonse. Nthawi yake ikakwana, odulidwa amatuluka. Amakaima pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa tchalitchi mpaka titatha.

Tsiku lina thireyi ya timakapu ikubwera, ndinaona pawindo. A Lefani ali chiimire padzuwa, poti mthunzi anasiyira anzawo. Chipewa m'manja. Milomo ikuyenda, akutsatira nyimbo yathu ya m'katimo.

Ndinatenga kakapu. Ndinamwa magazi a Ambuye wanga.

Khosi linati, kachepa.

Ndi pamenepo ndinachita mantha. Osati chisoni ayi, mantha. Mawa lake ndinatenga chitini cha mkaka, ndinaponyamo njere imodzi ya chimanga. Tsiku lopanda dontho, njere imodzi.

12.

Kusiya ndi uku:

manja onjenjemera mpaka singano kukana ulusi
thukuta lozizira
kutukwana mbuzi
kutukwana nkhuni
kuzungulira njira ya kudimba kuti usadutse kwa Nasoko
kulira popanda wakumenya
kudana ndi munthu amene akukufunsa mofatsa kuti, ndikuphikireni tiyi?

Njere makumi asanu ndi anayi, kudza zinayi.

13.

Mayi Gwaza, pamaso pa amayi onse:

Takambirana. Mnzathuyu wasenza mtanda wolemera osadandaula. Tikufuna timulemekeze. Kuyambira mgonero ukubwerawu, wotsuka timakapu akhale Nachisale.

M'manja. Nthungululu.

Mwina kwanu n'kosiyana, madala, ndiye mverani. Timakapu tathu tilipo mazana awiri. Anthu samaliza, makamaka okalamba, amangonyowetsa milomo. Vinyo wotsalayo satayidwa ku dzala, satayidwa m'madzi otsukira, poti wadalitsidwa. Wotsuka amakhuthulira kakapu kalikonse m'jagi imodzi, yekha, chitseko chotseka, kenako n'kukathira pa tsinde la mbawa uja. N'chifukwa chake ntchitoyi amapatsa mayi wodalirika.

Anapatsa fisi fungulo la khola, akuimba.

Khalani pansi! Apa ndiye mukufuna kudzuka?

14.

Chitseko chatsekedwa ndipo uli wekha Nachisale ndi timakapu mazana awiri tikukuyang'ana ndi maso ofiira, kako komwe kali pomwepo kodzaza poti lero unangokagunditsa pamlomo n'kukabweza, ndipo ukukhuthula, dontho, dontho, theka, dontho, fungo likukwera kulowa m'mphuno kutsikira kumsana, manja akugwedeza jagi, njere makumi asanu ndi anayi kudza zinayi zili kutali kunyumba m'chitini ndipo sizingakuone, vinyo wafika zala ziwiri, zala zitatu, khosi layamba ndi ulemu wake uja, likuti uyu si kachasu mwana wanga, awa ndi magazi a Ambuye, kodi magazi a Ambuye angakhale tchimo, kodi si bwino alowe mwa munthu kusiyana n'kuti amwe ndi mtengo, ndipo ukuyankha mokweza m'chipinda chopanda munthu kuti tseka pakamwa galu iwe, ukupemphera koma pemphero likutuluka ngati kutukwana, Yesu mukundionerera, Yesu mwangokhala, munandilenga ndi khosi limeneli ndinu, gwirani dzanjali ngati mulipo, jagi yafika pachibwano, m'mphepete mwake mwazizira pamlomo, ukukankha chitseko ndi phewa osadziwa kuti wakankha ndani, kuwala, fumbi, mapazi makumi atatu kukafika pa mbawa, khumi, vinyo akuvinavina, makumi awiri, ndipo pa tsinde paja anthu onse anapita kale koma patsala munthu mmodzi wa chipewa m'manja

15.

Anaona nkhope yanga. Anaona jagi. Anatambasula dzanja.

Patseni, mayi a Fane. Ndithire ine.

Madala, ndikadakhala ndi mpini.

Chotsani dzanjalo.

Mukunjenjemera.

Ndikunjenjemera ndi manja anga! Munatenga mabotolo anga. Munatenga benchi langa. Munatenga manyazi anga n'kuwavala ngati jekete la ukwati. Lero mukufuna mutengenso ichi? Ndiye ine chonditsalira n'chiyani, khosi lokha? Sunthani!

Anasuntha.

16.

Ndinathira.

17.

Loweruka lotsatira linali la bwalo la akulu. Chaka cha a Lefani chinali chitakwana, ndipo kwathu wodulidwa asanabwezedwe amaitana wa m'nyumba mwake kudzaikira umboni. Nachisale analowa atavala chitenje cha kumunda, jumbo ili m'khwapa.

A Kamtedza anati, mayi, mboni ndinu. Mawu anu okha ndi amene atsala. Kodi a Lefani anasiya mowa?

Khosi linati, nena kuti inde. Liwu limodzi. Iye abwerera kutsogolo, iwe usunga yunifomu, aliyense apita kwawo wokondwa.

Sangasiye chimene sanayambe.

Mwati bwanji, mayi?

A Lefani anadzuka. Akuluakulu, mayiwa sakupeza bwino masiku ano, ndi—

Khalani chete, bambo a Fane. Inu munalankhula chaka chatha.

Anamasula jumbo. Malaya oyera, ositidwa. Duku loyera. Anaziika pa tebulo pamaso pa abusa.

Timabotolo tija ndi tanga. Tisanu ndi tiwiri mudapeza, tina khumi simudapeze. Zaka zisanu ndi chimodzi ndayimba kutsogolo kuno nditaledzera. Ndabwera kudzatenga katundu wanga. Ndipatseni benchi langa.

Ntchentche imodzi pawindo.

A Kamtedza anavula magalasi. A Lefani, ndiye kuti munanamiza bwalo?

Ndinanamiza.

Chaka chonse tikukupemphererani chiwanda chimene mulibe?

Mapemphero sawonongeka, akulu. Ankangodutsa pa ine.

Anamudula Nachisale chaka. A Lefani anawawonjezera miyezi itatu, ya bodza.

18.

Lamulungu linalo tinakhala awiri pachitseko. Mayi Gwaza anadutsa ngati akudutsa chulu. Amayi ondikumbatira aja anapeza zoyang'ana m'mabuku a nyimbo.

Ndinakhala. Ndinasisita thabwa.

Losalala ndithu, ndinatero.

Ndinakuuzani, anatero.

Musayambe.

Koma tsiku limenelo, madala, nditati Ambuye ndikhululukireni, palibe anandifunsa kuti chiti.

19.

Ndinati, ndiye munapambana, mayi. Nkhani yabwino. Ndinagwira chikwama.

Phazi silinasunthe.

Yabwino? Mukufuna ithere pamenepo kuti mukaifotokoze bwino m'minibasi? Mverani chitini.

Zana limodzi ndi makumi atatu kudza imodzi. Ukwati wa Fane, mwana wanga. Ndinamwa, njere ndinakhuthulira nkhuku.
Khumi ndi ziwiri. Nkhuku.
Zitatu. Nkhuku.
Mazana awiri kudza zisanu ndi zitatu. Palibe chinachitika, kunangocha Lachitatu ngati masiku onse. Nkhuku.
Makumi anayi. Nkhuku.

Nkhuku za kwathu ndi zonenepa, madala.

Nanga lero zilimo zingati?

Khalani pansi.

Ndakhala kale, mayi.

Khalitsani.

20.

Pa wailesi ndimawamva ochitira umboni. Ndinapemphereredwa kamodzi, aleluya, chilakolako chinathawa, lero ngakhale fungo limandinyansa. Ndimafuna kuiponya m'chitsime wailesiyo. Ine silindinyansa. Ine limandiitana ndi dzina.

Ndinawafunsa Mulungu. Ndimawafunsa m'mawa uliwonse, ndipo sindinong'ona. Enawo munawachotsera kamodzi n'kamodzi ngati dzino, ine mwandisiyira chifukwa chiyani? Ndinakulakwirani chiyani choposa iwo?

Sayankha. Amangondipatsa mphamvu yokwana tsiku limodzi, yoyeza ndi supuni, yosagona. Mawa ndikapemphenso. Ndikakhuthulira nkhuku, m'mawa mwake amandipatsanso, osandikumbutsa za dzulo. Zimenezo ndiye zimandikwiyitsa kwambiri. Onse awiri n'chimodzimodzi, iwo ndi kalipentala wangayo.

Koma uyu wa kunyumbayu ndinamuikira malamulo:

osandinenera
osandibisira
osandigwira dzanja ndisanapemphe
ndikagwa, mukanene kwa a Kamtedza ndinu, tsiku lomwelo

Loyamba lija limamuvuta mpaka lero.

21.

Mithunzi inali itatalika pamene njinga inatulukira, matabwa awiri atamangidwa pa kaliyala. Bambo wadazi, woonda, ovololo yotuwa. Anatsika patali, mapazi khumi. Sanayandikire. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana kutsidya kwa msewu, anayang'ananso mkazi wake. Pakamwa panatseguka n'kutsekeka.

Funsani, anatero Nachisale.

Mwawoloka?

Sindinawoloke.

Bamboyo anapumira m'mwamba n'kuvula chipewa, kundipatsa moni. Mphepo inatembenuka nthawi yomweyo, kuchokera ku mpanda wa udzu uja, ndipo ndinalimva. Lotsekemera, lowawasa, la madeya owira. Amuna awiri ankatuluka pa kachipata akugwirana mapewa.

Nasoko anasamukira pamenepo sabata yatha, anatero mayi uja, osacheuka. Ine sindimadziwa. Ndabwera kuchigayo m'mawa, magetsi n'kuzima, ndatsala pano ndi thumba, mphepo ikundibweretsera. Khosi layamba mamawa. Pamene lole yanu imaima, ndinali nditadzuka kale. Phazi ili linali pa tala.

Analoza phazi lomwe linali pa lamba wanga.

Mumayesa ndakusankhani chifukwa cha nkhope, madala? Ndinati Ambuye, nditumizireni chilichonse, ngakhale galu. Munatsika ndinu, ine n'kubwerera pa mwala. Pakamwa pakamalankhula sipamwa. Phazi likaponda chikwama siliwoloka.

Minibasi zingati zandidutsa, mayi?

Zisanu. Ndimaziwerenga ndi makutu.

Anapisa dzanja m'thumba la chimanga, anatulutsa njere imodzi, anaimanga pa nsonga ya chitenje paja ankapota.

M'chitini muli zisanu ndi zinayi. Iyi ikalowa, khumi. Koma siilowa mpaka ndikafike pakhomo.

A Lefani anati, ndinyamule thumbali?

Thumba nyamulani. Limenelo ndi lathu tonse.

Anaimirira. Anachotsa phazi. Pa lamba panatsala chidindo cha fumbi, zala zisanu.

Dzukani tsopano, madala. Ndatha.

Anayenda pang'ono, kutsatira njinga, msana ku mpanda uja, kenako anawonjezera osacheuka.

Za lero.